KODI NDANI AMAJAMBULA ZITHUNZI ZA JUPITER NDI SATURN?

Aliyense amene anatsegulapo buku la sayansi la mwana wake anacionapo cithunzi ca Jupiter, cimpira cacikulu ca mizere yoyera ndi yofiirira, cokhala ndi banga limodzi lofiira ngati diso la munthu amene sanagone. Patsamba lomwelo pamakhalanso Saturn ndi mkombero wake. Masiku ano zithunzi zotere zikutipezanso pa mafoni, zina zokongola kupambana za m'buku, ndipo pakati pathu pabuka magulu awiri. Ena amalandira ciriconse cimene caoneka pa foni ngati coona. Ena amati zonsezi n'zopeka cabe, popeza kulibe munthu anafikako. Ife tiona kuti magulu onse awiri akufulumira kuweruza mlandu. Pafupifupi cithunzi ciriconse ca mapulaneti amenewa cinapita m'manja mwa munthu wokhala pa kompyuta, tsono funso loyenera ndi ili: munthuyo anacitapo ciani, ndipo kodi anatiuza?

Tiyambe ndi cinthu cojambulidwaco. Jupiter si malo oti munthu n'kuimapo. Pamwamba pake palibe nthaka, palibe poponda. Ndi mpweya wokhawokha, maka-maka wa hydrogen ndi helium, umene umanka nupanikizana kunsi kwake mpaka kusanduka wamadzimadzi. M'mimba mwake ndi makilomita pafupifupi 143,000, ndiye kuti maiko 11 onga lathuli atandandalikana ndiwo angakwane kucoka mbali ina kufika mbali inzake. Kukanakhala kotheka kumutsegula ngati nkhokwe, mukanalowa maiko onga lathu oposa 1,300. Koma ukulu wonsewo sumulemetsa miyendo. Dziko lathu limatenga maola 24 kuti litembenuke kamodzi, pamene Jupiter amatembenuka maola 10 asanakwane. Saturn ndi mng'ono wake, makilomita pafupifupi 120,000 m'mimba mwake, ndipo naye ndi wa mpweya womwewo.

Cimene kamera imaona ndi mitambo ya pamwamba cabe. Mitambo yoyera ya pamwamba kweni-kweni ndi ya amoniya woundana ndi kuzizira, amoniya yemweyo amene kufakitale amapangira feteleza wa urea ndi ammonium nitrate amene timathira cimanga cikafika m'mawondo. Mizere ija mlimi angaimvetse msanga. Pamene paoneka poyera ndi pamene mpweya ukukwera n'kukazizira kumwamba, ngati mzere wa m'munda umene watumphuka. Pamene paoneka pofiirira ndi pamene mpweya ukutsika, mitambo yoyera yang'ambika, ndipo diso likuona kunsi, ngati mumkwasa. M'malire mwa mizereyi mumathamanga mphepo, ina kulowera kum'mawa, yoyandikana nayo kulowera kumadzulo, ndipo pamene zakhudzana pamabadwa akamvulumvulu. Wamkulu wa onse ndiye banga lofiira lija, limene pa Cingelezi amalicha Great Red Spot. Mphepo ya m'mphepete mwake imaposa makilomita 400 pa ola. Ca m'ma 1879 kutalika kwake kunali pafupifupi makilomita 40,000, mu 1979 kunali pafupifupi 23,000, ndipo mu 2017 linali litacepa kufika pa 16,000. Ngakhale litacepa motero, dziko lathu lonse likanalowamo, ndipo ulendo wa Lusaka ndi Chipata mungauyende maulendo 28 musanalidutse.

Nchito yojambula pulaneti imeneyi inayamba ndi dzanja kamera isanabadwe. Galileo anaona miyezi inayi ya Jupiter mu Januwale 1610 ndipo anailemba ngati timadontho pa pepala usiku ndi usiku. Wansembe wa cipani ca Ajezwiti, Niccolò Zucchi, amachulidwa pakati pa anthu oyamba kuona mizere ija mu 1630. Giovanni Cassini anaona banga lalikulu mu 1665. Ndipo mu 1711 mmisiri wa utoto Donato Creti anajambula Jupiter ali ndi banga lofiira, pa cimodzi mwa zithunzi zimene zinaperekedwa kwa Papa Clement XI pomupempha kuti athandize kumanga nyumba yoonera nyenyezi ku Bologna. Zithunzizo ziri ku nyumba yosungira zinthu zakale ya ku Vatican. Pa cithunzi ca Creti, Jupiter ndi wamkulu kwambiri m'mwamba mwa usiku, monga sanaonekerepo kwa munthu woima panja. Creti sanali kunama. Anali kuonetsa Papa cimene telesikopu imaona.

Kuumba pulaneti pa kompyuta

Lero burashi ndi utoto wa Creti zalowa m'kompyuta. Mapulogalamu odziwika kwambiri pa nchitoyi ndi awiri. Photoshop, ya kampani ya Adobe, inatuluka mu 1990 ndipo ndi yolipira. GIMP inayambidwa mu 1995 ndi ophunzira awiri a pa yunivesite ya Berkeley ku America, Spencer Kimball ndi Peter Mattis, ndipo ndi yaulere kwa aliyense. Maina a zida zake amasiyana, koma kagwiridwe ka nchito n'kamodzi.

Wojambula sayamba ndi mpira. Amayamba ndi tsamba lotambalala ngati citenje coyala, m'litali mwake kuwirikiza kawiri m'lifupi mwake, ndipo amapakapo mizere yopingasa, ina yotakata, ina yopyapyala, yoyererako, yacikasu, ya mtundu wa katondo, ya mtundu wa tiyi wamkaka. Wakhama amatsegula pambali cithunzi ceni-ceni ca Jupiter n'kumatapa mitunduyo ndi kacida kochedwa colour picker, kuti asapeke utoto wa m'mutu mwake. Pa sitepe imeneyi cinthuco cimaoneka ngati bulangeti la pamsika. Kuti mitambo ioneke, amawaza timadontho tambirimbiri pa tsamba lonse, cimene amati noise, kenaka n'kutikoka mopingasa ndi cida ca Motion Blur mpaka tisanduke timizere tatitali, monga mmene tsache limasiyira mizere pabwalo.

Cinsinsi cacikulu ca mapulogalamuwa ndi cimene amati layer. Ganizirani mapepala a pulasitiki oonekera mkati, osanjikizana. Pa lapansi pali mizere, pa lacibwiri pali mitambo, pa lacitatu pali namondwe, pa lapamwamba pali mthunzi. Mukayang'ana pamwamba muona cithunzi cimodzi, koma pepala lirilonse lingacotsedwe, kukonzedwa kapena kucepetsedwa mphamvu popanda kukhudza anzake. Creti akalakwitsa anali kupala kapena kupakanso. Wa kompyuta amangosolola pepala limodzi.

Pamene pamaonekera luso la munthu ndi m'malire mwa mizere. Pali cida cimene mu Photoshop amati Liquify, mu GIMP amati Warp, cimene cimakankha utoto ngati cala pa matope. Wojambula amayenda m'malire monse, kukankhira koyera m'kofiira, kupinda apa, kupotoza apo. Amayi amene amathira nsinjiro m'phala adziwa kuti ukatembenuza mthiko kamodzi kapena kawiri pamaoneka mizere yokhotakhota, koma ukapitiriza kutakasa zonse zimasanduka mtundu umodzi. Apanso n'cimodzimodzi, ndipo ambiri ongoyamba amatakasa mopitirira. Cina, kupotozako sikucitika mwacisawawa. Popeza mphepo zoyandikana zimayenda mosemphana, timafunde ta m'malire amodzi tiyenera kuweramira mbali imodzi, monga udzu wa m'dambo madzi osefukira atadutsa. Wojambula amene sanayang'anitsitse zithunzi zeni-zeni amapotoza mbali iriyonse, ndipo diso limakana ngakhale mwini diso sadziwa cifukwa cake.

Namondwe amapangidwa pa pepala lakelake. Amajambula banga, n'kulizungulitsa ndi cida ca Twirl kapena Whirl and Pinch, n'kuliphwatalitsa kuti likhale ngati dzira logona. Ngati akujambula Jupiter weni-weni, banga lofiira liri ndi malo ake. Liri kummwera, pa madigiri 22 kucokera pa mzere wa pakati, monga pamene pali Beitbridge pa dziko lathu, ndipo limazungulira mosemphana ndi mivi ya wochi.

Citenje cija cikatha ndi pamene amacikulunga pa mpira, ndi cida ca Map Object mu GIMP kapena Spherize mu Photoshop. Mizere imapindika, ya pakati imatukumuka, ya m'mphepete imapanikizana. Koma kompyuta imapereka mpira wobulungira bwino-bwino, ndipo apa ndi pamene wodziwa amasiyana ndi wosadziwa. Kaamba ka liwiro la kutembenuka kwake, Jupiter ndi wophwatalala pang'ono ngati dzungu. M'mimba mwake ndi makilomita 143,000 koma kucoka kumutu kufika kunsi ndi pafupifupi 134,000. Saturn ndiye wophwatalala zedi, gawo limodzi mwa magawo 10. Wojambula ayenera kuufinya mpirawo ndi dzanja lake.

Kenaka kuwala. Dzuwa ndi limodzi, motero mthunzi uyenera kugwera mbali imodzi pa ciriconse ca m'cithunzi, pulaneti, miyezi yake, ndi mkombero womwe. Amaika pepala lakuda pamwamba n'kufufuta mbali yoyang'ana dzuwa ndi cofufutira cofewa, kuti usana ulowe mu usiku pang'onopang'ono, popeza pa mpweya palibe malire akuthwa. M'mphepete mwa mpira monse amadetsako pang'ono, cifukwa kumeneko kuwala kumadutsa mpweya wambiri. Pano pali mfundo imene ingakuthandizeni inu awerengi. Ife tiri pafupi ndi dzuwa kuposa Jupiter, motero nthawi zonse timaona mbali yake yowala. Kucokera pano Jupiter saoneka ngati mwezi wongokhala kumene. Mukaona cithunzi ca Jupiter kapena Saturn wooneka ngati cikwakwa, dziwani kuti mwina cinajambulidwa ndi combo cimene cinapita kuseri kwake, kapena cinapangidwa ndi munthu.

Mkombero wa Saturn umabvuta ambiri. Amajambula mizere yozungulira yambirimbiri, wina mkati mwa unzake, n'kuifinya kuti ioneke copendekeka, n'kufufuta mbali imene yabisika kuseri kwa pulaneti. Ayenera kusiya mpata wakuda umene Cassini anauona mu 1675, wa makilomita pafupifupi 4,800. Ayenera kuika mthunzi wa pulaneti pa mkombero, ndi mthunzi wa mkombero pa pulaneti. Ndipo mkomberowo umakhala pa mzere wa pakati peni-peni, mogwirizana ndi mizere ya mitambo. Taonapo zithunzi zambiri zokongola pamene mizere ikuyang'ana kwina, mkombero kwina, ngati munthu wobvala lamba paphewa. Kunena zoona mkombero umenewu ndi tizidutswa ta madzi oundana, tina ngati fumbi, tina ngati nyumba, totambalala makilomita oposa 270,000 koma m'malo ambiri kucindikala kwake ndi mamita 10 cabe.

Comaliza cimene ojambula amakonda ndi nyenyezi, kuziwaza kuseri ngati mcere. Pa zithunzi zambiri zeni-zeni nyenyezi sizioneka. Pulaneti imawala kwambiri kotero kuti kamera imatsegula diso kanthawi kocepa, ndipo kuwala kofooka kwa nyenyezi sikupeza mpata wolowa. Kumwamba kumangokhala bii.

Nanga zithunzi zeni-zeni?

Wina anganene kuti, cabwino, tisiye zopangazo, tipatseni zimene kamera inajambula. Apa ndi pamene nkhani ikukoma. Bungwe la NASA la ku America linatumiza combo cochedwa Juno pa 5 Ogasiti 2011, ndipo cinafika kwa Jupiter mu Julayi 2016. Ife amene tinakhalako pa benchi ya Cilatini ku seminale tikumbukira kuti m'nthano za Aroma, Jupiter anali kudzikuta ndi mitambo pofuna kubisa zocita zake, koma mkazi wake Juno anali kuona kupyola mitamboyo. Amene anacha dzina comboco anali ndi nthabwala.

Juno anapangidwa kuti aziuluka akuzungulira ngati nguli, kawiri pa mphindi iriyonse. Kamera yake, JunoCam, sijambula cithunzi cathunthu monga foni. Imatenga timizere topyapyala, kena kupyolera m'galasi lofiira, kena lobiriwira, kena labuluu, pamene combo cikuzungulira ndi kuthamanga makilomita zikwi zocepa pamwamba pa mitambo. Cimene cimafika pa dziko lapansi cimaoneka ngati nsalu yodulidwadulidwa, yotuwa, yopindika, yoti simungaizindikire. Pafunika munthu woti alumikize timizereto, awongole kupindikako, asanjike mitundu itatu ija kuti ikhale umodzi. A NASA anacita cinthu cacilendo. Anaika zidutswazo pa intaneti n'kuuza anthu wamba kuti aliyense wofuna atenge akonze. Zithunzi zambiri za Jupiter zimene zinachuka kuyambira 2016 zinakonzedwa motero ndi anthu monga Gerald Eichstädt wa ku Germany, Seán Doran ndi Kevin Gill, ndipo maina ao amalembedwa pansi pa zithunzizo. Pa 10 Julayi 2017 Juno anadutsa makilomita pafupifupi 9,000 pamwamba pa banga lofiira, ndipo patangopita masiku ocepa anthu amenewa anali atatulutsa kale zithunzi zake.

M'zithunzi za Juno munaonekanso cimene wojambula aliyense anali asanaciganizire. Kumutu ndi kunsi kwa Jupiter kulibe mizere ija. Kumpoto kunapezeka anamondwe 8 atazinga mmodzi wa pakati, kummwera asanu atazinga mmodzi, ngati anthu okhala mozungulira moto.

Koma buluu wowala ndi mizere yakuthwa imene timaona pa zambiri mwa zithunzi zimenezi si mmene diso likanaonera. Munthu atakwera comboco akanaona mitundu yofatsa, yotuwirako. Okonza amakweza mphamvu ya mitundu dala kuti mitambo yosiyana ioneke kusiyana kwake. Kodi limeneli ndi bodza? Ife tikuti iai. Mlangizi wa zaulimi akajambula mapu a munda n'kupaka dothi la katondo utoto wofiira kwambiri, la mcenga wacikasu kwambiri, sanasinthe munda. Wangofuna kuti malire aoneke. Mtambo uliwonse pa zithunzi za Juno unalipodi pamalo pamenepo pa ola limenelo. Telesikopu ya James Webb imapitirira apo. Imaona kuwala kochedwa infrared kumene diso la munthu siliona n'komwe, motero mitundu yonse ya pa zithunzi zake ndi yocita kusankhidwa ndi munthu. Pa cithunzi cake ca Jupiter ca mu Ogasiti 2022, cimene anathandiza kukonza mai Judy Schmidt a ku California, munthu amene sanapite ku sukulu ya zakuthambo, banga lofiira lija likuoneka loyera.

Bvuto limayamba pamene mau ofotokoza atayika panjira. Citsanzo cake ndi Neptune, pulaneti ya kutali kwambiri, yaing'ono kwa Jupiter ndi Saturn koma nayonso yokutidwa ndi mpweya. Combo ca Voyager 2 cinadutsako mu Ogasiti 1989. Akatswiri anakweza mphamvu ya mitundu kuti mitambo ndi mphepo zioneke, ndipo Neptune anatuluka wabuluu wakuda bii, wokongola. Pansi pa zithunzizo analembapo kuti mitundu yakwezedwa. Koma cithunzi cinayenda, mau anatsala. Mabuku anakopera mabuku anzake, ojambula pa kompyuta anatapa buluu yemweyo, ndipo kwa zaka zoposa 30 ana a sukulu pa dziko lonse anaphunzira kuti Neptune ndi wabuluu wakuda, mnzake Uranus ndi wobiriwira moyererako. Mu Januwale 2024 Pulofesa Patrick Irwin wa ku Oxford ndi anzake anaonetsa kuti awiriwa ndi ofanana kwambiri mtundu, onse oyererako, Neptune kungoposako buluu pang'ono. Palibe amene ananama dala. Panangosowa mzere umodzi wa mau.

Palinso zithunzi za mapulaneti amene kamera siinawaonepo nkhope. Mu 1995 Michel Mayor ndi Didier Queloz a ku Switzerland anapeza pulaneti yoyamba yozungulira nyenyezi ina yonga dzuwa lathu, yochedwa 51 Pegasi b, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2019. Sanaione ndi maso. Anaona nyenyeziyo ikugwedezeka pang'ono, monga mmene mlimi amadziwira kuti m'cimanga mwalowa ng'ombe poona ngaiyaye zikugwedezeka. Ndi pulaneti ya mpweya, yolemera ngati theka la Jupiter, imene imazungulira nyenyezi yake m'masiku anayi cabe. Pofika 2025 mapulaneti otere otsimikizika, aakulu ndi aang'ono, anali atakwana 6,000, ndipo ocepa okha ndiwo anajambulidwapo, nawonso ngati kadontho. Tsono cithunzi ciriconse ca pulaneti yotere cooneka mitambo ndi mizere ndi nchito ya wojambula. Wojambula wabwino amapatsidwa manambala, ukulu, kutentha, mtunda wake ndi nyenyezi, mtundu wa mpweya, n'kumanga pamenepo. Nthawi zina amapatsidwa ndi mtundu womwe. Mu 2013 telesikopu ya Hubble inayeza kuwala kwa pulaneti ya HD 189733 b n'kupeza kuti ndi yabuluu, ndipo ndiye cifukwa cake onse amaijambula yabuluu. Koma kakhalidwe ka mitambo yake pa zithunzizo n'kocokera m'dzanja la wojambula.

Ngakhale wakhama angapitiriridwe ndi nthawi. Mu 1944 Chesley Bonestell anajambula ndi utoto Saturn monga akanaonekera kwa munthu woima pa mwezi wake waukulu, Titan, pansi pa thambo labuluu loyera. Anatsata zimene zinali kudziwika nthawi imeneyo, ndipo cithunzico cinakopa acicepere ambiri kuphunzira sayansi. Voyager 1 itadutsako mu 1980 inapeza kuti Titan ndi wokutidwa ndi nkhungu yocindikala ya mtundu wa lalanje, yoti munthu woima pansi pake sangamuone Saturn monga Bonestell anajambulira.

Mau a pansi pa cithunzi

Ife sitiona colakwa mwa munthu wojambula cimene sanacione. M'machalichi mwathu muli zithunzi za Njira ya Mtanda, ndipo palibe Mkhristu amene amaganiza kuti mmisiri anali pa Gologota ndi kamera. Tonse tidziwa mtundu wa cinthu cimene tikuyang'ana. Ojambula a mapulaneti oona mtima amacitanso cimodzimodzi, amalemba. Mau oti muwafune pansi pa cithunzi ndi ocepa. Akalemba kuti artist's impression, artist's concept kapena illustration, ndiye kuti n'copangidwa ndi munthu. Akalemba kuti enhanced colour, cinthuco n'ceni-ceni koma mitundu yakwezedwa. False colour ndi mitundu yocita kusankha, ndipo composite ndi zithunzi zingapo zophatikizidwa. Amene amatisokoneza ndi uja amadula mau amenewa n'kulembapo ake asanatumize ku gulu la WhatsApp la mphakati kapena la kopaletivu.

Tinaziona mu Disembala 2020. Pa 21 mwezi umenewo Jupiter ndi Saturn anaoneka moyandikana kwambiri kumadzulo dzuwa litangolowa, kuyandikana kumene kunali kusanacitike kuyambira 1623. Popeza Khrisimasi inali pafupi, ndipo kalekale Johannes Kepler anawerengera kuti awiriwa anakumananso ca m'caka ca 7 Khristu asanabadwe, nyuzipepala zambiri zinaicha nyenyezi ya Khrisimasi. Amene anatuluka panja anaona timadontho tiwiri towala, togundana, kamodzi kowala kuposa kanzake. Koma pa mafoni panayenda zithunzi za mipira iwiri ikuluikulu yolenjekeka pamwamba pa nyumba, ndi zina za nyenyezi imodzi ya nthambi zinayi ngati mtanda, zolembedwa kuti ndi mmene kudzaonekere. Woyembekezera zimenezo akanatha kuyang'ana kumwamba n'kubwerera m'nyumba wokhumudwa, cinthu ca zaka 400 ciri pamaso pake. Kuyambira 2022 kwabweranso mapulogalamu a AI amene amapanga cithunzi munthu akangolemba mau, popanda layer, popanda kuyeza ciriconse. Ambiri tikumbukira cithunzi ca malemu Papa Francis atabvala cijasi coyera cotukumuka, cimene cinapusitsa anthu ambirimbiri kumayambiriro kwa 2023. Mapulaneti a mapulogalamu amenewa amakongola, koma kawirikawiri muwapeza ndi mithunzi yoyang'ana mbali ziwiri, mkombero wodutsa pamimba pa pulaneti mokhota, ndi nyenyezi zowala ngakhale pa mbali ya mdima ya mpira, pamene mpirawo unayenera kuzichinga.

Kwa makolo tinene ici. Kuyambira 2015 ana athu anayamba kulemba mayeso a Computer Studies, ndipo m'masukulu ena a kumidzi muli makompyuta angapo amene nthawi zambiri amangophunzirirapo kutaipa. GIMP ikangolowetsedwa kamodzi sifuna intaneti, ndipo imagwira ngakhale pa kompyuta yakale. Mwana amene waumba Saturn kucokera pa tsamba loyera waphunzira layer, mthunzi, kusankha mitundu ndi kudula cithunzi, ndipo zimenezi ndi zomwezo amalipiritsa anyamata a m'tauni popanga makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro ndi zikwangwani za masitolo. Waphunziranso kuyeza asanajambule. Ndipo amene anapangapo yekha cithunzi cotere sapusitsidwa msanga ndi ca mnzake. Tingomupempha kuti pansi pake azilemba dzina lake ndi mau akuti ndi cojambula.

Kumudzi kumene kulibe magetsi ambiri tiri ndi mwai umene a m'tauni alibe, thambo lakuda. Jupiter ndi wosabvuta kumupeza m'miyezi imene ali kumwamba usiku. Amawala kuposa nyenyezi zonse ndipo saphethira. Ena amamusokoneza ndi Nthanda, koma Nthanda sitalikirana ndi dzuwa, imaoneka m'mbandakuca kapena madzulo cabe, pamene Jupiter angakhale pamutu pakati pa usiku. Amene ali ndi mabainokyula awatsamiritse pa mpanda kapena pa ngolo kuti manja asanjenjemere, ndipo adzaona timadontho pambali pake, pa mzere umodzi. Imeneyo ndiyo miyezi ya Galileo, Io, Europa, Ganymede ndi Callisto, ndipo mawa lake idzakhala itasintha malo. Mizere ya mitambo ndi mkombero wa Saturn zimafuna telesikopu, ngakhale yaing'ono. Mkomberowo suoneka mofanana caka ndi caka. Saturn amatenga zaka 29 ndi theka kuzungulira dzuwa, ndipo pa zaka 13 kufika 16 zirizonse mkombero umatiyang'ana cam'mbali n'kukhala ngati wasowa. Zinacitika motero mu 2025. Kucokera pamenepo ukutseguka pang'onopang'ono, ndipo udzafika potambalala kwambiri ca m'ma 2032, mbali ya kummwera ya Saturn itaweramira kwa ife.